Timiyendo Titatu ta Mkuwa

Ndinkapukuta mbale imodziimodzi, pamwamba, pansi, m'mphepete, ngakhale zinali zitauma kale. Khutu langa linali kuchipinda cha achemwali. Akamagwira ntchito, kiyibodi imamveka ngati nkhuku zikujompha chimanga palata. Ndili pa mbale yachisanu, kujomphako kunasiya.

"Iwe Kachete," anaitana osakweza mawu. "Bwera udzaone wodwala wako. Wakomokanso."

Kachete ndine. Dzinali anandipatsa ndi achemwali omwewo ndili wamng'ono, chifukwa alendo akabwera ndinkabisala kuseri kwa chitseko mpaka atapita.

Achemwali amakonzera anthu makadi a ukwati, makalata ofunsira ntchito ndi timapepala totsatsira malonda. Laputopu yawo yakale itafa, ine ndi amene ndinawauza kuti tigule zipangizo padera n'kumanga kompyuta tokha. Ndinali nditamaliza sekondale ndikungokhala pakhomo, ndipo kusukulu aphunzitsi ankandilola kutsegula makompyuta owonongeka. Achemwali anandikhulupirira. Tsiku lomanga inayaka ulendo woyamba womwewo. Tsiku lachitatu inayamba kuzima yokha.

Inalibe nthawi yake. Tsiku lina inkagwira m'mawa wonse bwinobwino, tsiku lina inkazima katatu ola lisanathe. Nthawi zina chithunzi chinkangouma pasikirini. Nthawi zina kunkada bii, kenako n'kuyakanso ngati palibe chachitika, ntchito ya achemwali itapita. Mayi wina anabwera kawiri kudzatenga makadi a ukwati wa mwana wake, n'kubwerera chimanjamanja.

Bambo ndi kalipentala. Sakalipa, amayeza kamodzi n'kudula. Lolemba tikudya anagamula kuti kompyutayo ikapanda kuchira pofika Loweruka, ipita kwa wokonza wa kumsika, ndipo ine ndikayambe kuthandiza azakhali pasitolo yawo ya nsalu. Za maphunziro a makompyuta amene ndinawapempha, anati tiiwale, munthu asamakakamire ntchito imene manja ake akuikana. Ndinayankha kuti chabwino, maso ali m'mbale.

Tsiku lopukuta mbalelo linali Lachiwiri, ndipo ndinali nditayesa kale zambiri. Timapuleti tiwiri ta memori ndinatichotsa n'kumayesa kamodzikamodzi. Inazima ndi koyamba, inazimanso ndi kachiwiri. Ndinayang'ana kutentha, kunali kwabwino, mafani onse akuzungulira. Ndinafufuta zonse n'kuikamo mapulogalamu mwatsopano. Ndinasintha soketi ya pakhoma. Mnzanga wina wa kusukulu anandibwereka kabokosi kake kogawa magetsi, ndinakayesa masana onse, ndipo madzulo ndinamubwezera ndi manyazi.

Achemwali anati mwina tiitane abusa. Anati kompyuta yokomoka chonchi anthu aziganiza kuti ili ndi pakati. Ankaseka, koma makadi a mayi uja anakasindikizitsa kwa mnzawo m'tauni, ndipo sanandiuze. Ndinangoona envulopu yake pabedi.

Zoyesa zitandithera, ndinatenga kope langa lakale la masamu, ndinakhala pampando wa pakona n'kumalemba. Ikazima ndinkalemba nthawi, pulogalamu imene inali yotsegula, ndi chilichonse chimene chachitika m'chipindamo, ngakhale chopanda pake. Achemwali anandifunsa ngati ndikulemba mbiri ya malemu. Ndinapitiriza kulemba.

Pofika Lachinayi masana ndinali ndi mizere khumi ndi umodzi. Mbali ya mapulogalamu sinkagwirizana konse. Mbali ya zopanda pake ndi imene inayamba kulankhula. Mphepo yamenyetsa chitseko. Achemwali atseka dilowa ndi bondo. Mayi aika dengu la zovala patebulo. Lole yadutsa pamsewu, mawindo alira. Achemwali amenya sitepula yolumikizira mapepala.

Ndinadikira mpaka achemwali atapita kukasamba. Ndinayatsa kompyuta, ndinapinda chibakera, n'kugogoda patebulo. Palibe. Ndinagogodanso pafupi ndi bokosi lake lachitsulo. Sikirini inada.

Ndinamasula zonse. Bolodi lalikulu, limene zinthu zonse zimalumikizidwapo, ndinalitulutsa m'bokosimo n'kuliika pamwamba pa katoni. Ndinaliyatsa lili pamtunda chomwecho, mawaya ali mbwee. Ndinagogoda tebulo, ndinatseka dilowa ndi bondo, ndinamenyetsa chitseko mpaka mayi anafunsa kukhitchini ngati ndayamba misala. Silinazime.

Kenako ndinasuzumira m'bokosi lopanda kanthulo. Pansi pake pamamangidwa timiyendo ta mkuwa, timene bolodi limakhalapo kuti lisakhudze chitsulo. Kamwendo kalikonse kamayenera kukhala pansi pa bowo la sikuluwu. Ndinawerenga mabowo a bolodi lathu, anali asanu ndi limodzi. Timiyendo tinali tisanu ndi tinayi. Titatu tinangoima popanda bowo, mitu yake ikuyang'ana kumsana kwa bolodi kumene kumadutsa tinjira ta magetsi. Nditatembenuza bolodilo ndinapeza kachizindikiro kowala pamene kamodzi kankakanda. Tebulo likagwedezeka, mkuwa unkakhudza, magetsi n'kuchita shoti.

Ndinakhala pansi, chifukwa ndinakumbukira amene anatimanga. Tsiku lomanga lija bambo anabwera kuchokera ku shedi yawo yopalira matabwa kudzaonerera. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, manja kumbuyo, mpaka anapempha kuti awapatseko chochita. Ndinawapatsa kathumba ka timiyendo ndi kapepala kosonyeza malo ake, ine n'kupita kukasamba m'manja. Kapepalako sanakayang'ane. Bambo ali ndi lamulo lawo limene anyamata onse a ku shedi amalidziwa pamtima: mmisiri akamaliza ntchito sikuluwu n'kutsala, ntchitoyo sinathe. M'kathumbamo munali tisanu ndi tinayi, ndiye anamanga tonse, mwaukhondo, molimba bwino. Tsiku limenelo anauza ngakhale aneba kuti kompyutayo tamanga awiri. Ndipo ine ndinaika bolodi pamwamba osawerenga.

Ndinachotsa titatuto, ndinabwezera zonse m'malo mwake. Lachisanu lonse sinazime. Achemwali anamenya sitepula dala patebulo, anavina pang'ono pafupi nayo, n'kundifunsa kuti ndaipatsa mankhwala anji. Ndinati panali pena pamakhudzana. Sindinanene zambiri. Ndinaganiza kuti ikangogwira ntchito, nkhani ya azakhali ifa yokha, ndipo palibe amene achite manyazi.

Cholakwa changa chinali kusiya timiyendo tija m'kasosala pawindo.

Loweruka m'mawa bambo analowa m'chipindamo atavala kale ovolosi, pensulo ili kukhutu. Achemwali anawauza kuti wodwala wachira, wadya, wayamba kuyenda. Bambo anagwedeza mutu, anayang'ana sikirini, anayang'ana pawindo. Anatola kasosala kaja.

"Nanga izi?"

Achemwali anati sakudziwa. Ine ndinali pakhomo ndi tsache.

Bambo anagubuduza timiyendoto pachikhatho ndi chala chachikulu. Anati tsopano amvetsa. Anati chinthu chomangidwa moperewera chimagwira lero, mawa n'kugwa, ngati mpando wa miyendo itatu. Anati sakundinyoza, koma ntchito ya manja imafuna munthu wosasiya zinthu m'mbale, ndipo kwa azakhali ndikaphunzira kusamala. Kenako anauza achemwali kuti azimitse, anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la pachifuwa, nagwada pafupi ndi bokosi lija. Mawondo awo analira.

Ndinaona sikuluwu yoyamba ya chivundikiro ikutuluka. Anaiika bwinobwino patebulo. Yachiwiri inayamba kuzungulira. Tsache ndinaligwira ngati lindithawa.

"Bambo, musabwezeremo."

Sanatembenuke. Anati sanamve, ndilankhule ngati munthu wadya.

"Ndati musabwezeremo. Timeneto ndi timene timaizimitsa."

Achemwali anandiyang'ana, kukamwa kuli yasa. Ndinatsamiritsa tsache kukhoma, ndinatenga kope langa, ndinagwada pambali pa bambo. Ndinawaonetsa mizere khumi ndi umodzi ija. Ndinamaliza kutsegula chivundikiro ndi sikuludiraiva yawo yomweyo, n'kuwawerengetsa masikuluwu a bolodi ndi chala, imodziimodzi mpaka asanu ndi imodzi. Ndinawauza kuti kathumba kaja amapangira mabolodi aakulu ndi aang'ono omwe, ndiye lathu likakhala laling'ono, tina timayenera kutsala.

Bambo anawerenganso okha, milomo ikuyenda. Anayang'ana titatu tili m'dzanja lawo.

"Ndinamanga ndine timeneti," anatero.

"Eya. Ndipo ine ndinayenera kuwerenga ndisanaike bolodi. Sindinawerenge."

Anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, anaibwezera. Kunja mnyamata wa ku shedi ankaitana kuti matabwa afika, koma bambo sanadzuke. Anandifunsa chifukwa chimene sindinanene Lachinayi pomwe ndinadziwa.

"Ndimaopa kukuchititsani manyazi," ndinatero. "Koma masiku anayi ndakhala ndikuifufuza ndekha, ndipo ndaipeza popanda wondiuza. Manja anga sakuikana ntchitoyi, bambo. Kwa azakhali ndikhoza kumakathandiza Loweruka ngati akufuna munthu. Lolemba ine ndikufuna ndikalembetse maphunziro aja, ndipo ndikupempha kuti mundiperekeze."