Malovu a Malemu Mawotchi

"Mabukuwa ndi a mchimwene wanga! Inu mlamu mukuwafuniranji, poti ngakhale dzina lanu mumadinda ndi chala?"

Anatero a Chikwanje pakhomo pa a Telala, katoni ili kale pamutu. Dzina la Chikwanjelo silinabwere chabe, inu. Mayi ameneyu akatsegula pakamwa, ngakhale udzu umagona.

A Telala anangoima, sizasi ili m'manja. Amuna awo, a Mawotchi okonza mawotchi aja, anali atangoikidwa kumene m'manda. Abale anatenga njinga, anatenga jekete, iwo duu. Koma katoni ija inawalasa mtima.

"Mlamu, tengani onsewo. Mundisiyire limodzi lokha, lachikuto chobiriwira, lojambulidwa sitima yopendekeka."

"Kuti muzitsamira?" anaseka a Chikwanje, uyo, ulendo.

Nkhani yake inali iyi. Malemu ankakonda mabuku a akazitape a panyanja, amuna olowa m'sitima za adani ngati osesa, osambira pansi pa madzi mpeni uli kukamwa. Masana alionse ankakhala pampando wa nsungwi pafupi ndi makina osokera, kuwerenga chizungu n'kumamasulira, a Telala akupalasa. Kazitape akagwidwa, makina ankaima. Madiresi a anthu achedwa kangati chifukwa cha sitima zimenezi!

Tsono m'buku lobiriwira lija, kazitape anali atatsekeredwa m'chipinda cha injini, madzi afika m'khosi. Wina m'sitimamo anamupereka. A Mawotchi ankati ndi kaputeni. A Telala ankati, "Bodza, ndi wophika uja. Munthu wophika osalawa chakudya chake musamukhulupirire." Anakangana mpaka tiyi anazizira. Bambo aja anaika kamtengo ka machesi patsamba, nati, "Mawa timaliza, muchite manyazi." Mawa lakelo mtima unaima ali pabenchi yawo. Anapita osamva mapeto, nasiya munthu m'madzi.

Tsiku lina kwa a Telala kunabwera mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo woyamba. Awiriwa ankangopatsana moni wa m'mano chiyambire nkhondo ya ketulo yobwerekedwa imene inabwerera yopanda chivundikiro. Mpongoziyo anaika kapepala kamafuta pamakina.

"Amayi, taonani chimene azakhali akukulungira mtedza wawo kokwerera basi."

A Telala sadziwa chilembo ngakhale chimodzi, koma pepala la m'nyumba mwawo analizindikira.

"Ayamba ndi buku liti?"

"Lobiriwira lija. Akung'amba kuyambira kutsogolo."

Wina akanathamanga n'kukagwirana malaya pamsika. A Telala ayi. Zaka zonse zija sankamvera chabe. Anakumbukira mawu a malemu akuti kazitape weniweni salanda kanthu, amachititsa mdani kuti aponye yekha katunduyo m'madzi. Anavala zakuda zawo, namanga mpango mpaka m'maso, napita kokwerera basi kuja masana anthu atadzaza.

"Mlamu, ndabwera kudzapepesa. Kunyumba kwandikulira. Ndikuthandizeni kukulunga."

A Chikwanje anatupa ngati finye. "Mwaona tsono? Khalani apo. Musadye."

Buku lija linali pambali pa beseni, litawonda ngati galu wa mlenje. Kamtengo ka machesi kanali kakusuzumirabe, koma masamba otsala kuti akafikepo anali ochepa. A Telala sanapupulume. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadikira mpaka pabenchi panadzaza: kondakitala, mayi wina ndi mwana wake, ndi bambo wa tayi, onse akutafuna, timapepala tili m'manja.

Apo anatola tsamba limodzi, naliyang'anitsa kudzuwa, nayamba kulira mokweza.

"Mayo ine, amuna anga! Mlamu, taonani pakona apa pamene padapa. Ndi chala chawo chimenechi. Ankachinyambita potsegula tsamba lililonse, lililonse, lilime lonse panja! Malovu awo ndi awa, sanaume n'komwe bwino."

Kondakitala anasiya kutafuna.

"Nanga akayetsemula? M'buku momwemo, hetsi! Ndiye n'kupukuta ndi chigongono. Idyani bambo, idyani. Mukudya limodzi ndi malemu."

"Anamwalira ndi chiyani, amayi?" anafunsa wa tayi uja, mawu atachepa.

"Kaya, mwanangu. Anangogwa. Dzulo lake anali bwinobwino ngati inuyo."

Inu! Kondakitala analavula mpaka kutsidya kwa ngalande. Mayi uja anam'tsomphola mwana kapepala, nayamba kum'pukuta lilime ndi nsalu. Wa tayi anabweza mtedza wake m'beseni, zimenenso zinathawitsa ena awiri amene ankabwera. Amayi ogulitsa nthochi pafupipo anagwa nako kuseka.

"Mfiti iwe!" anakuwa a Chikwanje, ulemu wonse wathera pompo. "Wabwera kudzandiphera malonda! Tenga zonyansa zakozi!"

Buku lija linauluka, linawamenya a Telala pachifuwa, iwo gwi, kuligwira. Katoni yonse inatsatira, kukankhidwa ndi phazi.

"Mwandipatsa nokha, mlamu, anthu awa aona," anatero a Telala, misozi itauma kale. Anasenza katoni, nayenda pakati pa msewu ngati mkwatibwi.

Sanapite kwawo. Anakagogoda kwa mpongozi.

"Mwanangu, za chivundikiro zija tizisiye. Unapita kusukulu iwe. Tiye ukandichotsere munthu m'madzi."

Atafika kwa a Telala, mpongozi anakhala pambali pa makina, osati pampando wa nsungwi, pamenepaja sipakhala munthu. Anachotsa kamtengo ka machesi nayamba. Kumasulira kwake kunali kokhota, sankadziwa kusintha mawu ngati malemu, koma nkhani inayenda. Kazitape anamira dala, napeza chipaipi chotulutsira madzi, nakwawa m'menemo mpaka anatulukira kukhitchini. Kumeneko anapeza munthu akunong'oneza adani pa wailesi yobisidwa m'thumba la anyezi.

"Ndani?" anafunsa a Telala, ataimirira.

"Wophika, amayi."

A Telala anatembenukira mpando wopanda munthu uja, manja m'chiuno.

"Mwamva, bambo? Kaputeni wanu uja walakwa chiyani? Ndinakuuzani ine! Manyazi achita ndani?"

Anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala pa diresi la munthu. Atatero anavundukula katoni.

"Mawa ubwere, mwanangu. Muli ena ambiri umu amene sindinawamve bwino."

Mpongozi amabweradi masana alionse, ndipo tsiku lachiwiri anabwera ndi chivundikiro cha ketulo chija, akuti chinapezeka kuseri kwa kabati. A Chikwanje anasamutsa beseni lawo, ali kuchipata cha kumunsi kwa msika tsopano, amakulungira m'mapepala oyera ogula. Mpaka lero salankhula ndi a Telala. Salankhulanso ndi mpongozi, ndi amayi a nthochi, ngakhale ndi kondakitala, amene akamadutsa amafuula kuti, "Amayi, wa lerowu ndi wa malovu a ndani?"