Mphasa ya Bambo Pansi pa Chipulasitiki

Mayi a pa golosale yaikulu ananunkhiza buledi wanga pamaso pa makasitomala, n'kukwinya mphuno.

"Asisi, buledi wanu ndi wokoma, koma akununkha khola la nkhuku. Akabweranso chonchi Lolemba, ndiyamba kuoda kwina."

Manyazi anandigwira mpaka kumapazi. Golosale imeneyo ndi imene imanditengera buledi wambiri, ndipo ikandisiya uvuni wanga uzizira. Fungolo nanenso ndinkalimva, koma kumene linkachokera ndi kumene kunandizunguza mutu.

Pikapu yathu ndi imodzi koma ntchito zake ndi ziwiri. M'mawa imanyamula makireti anga a buledi, Loweruka amuna anga amatutira manyowa a nkhuku kupita kudimba kwawo. Titangoigula, aliyense pachibale anasanduka katswiri wa zoyala kumbuyo kwa galimoto. Bambo anga anabwera ndi chimphasa cha raba, cholemera ngati bulangete lonyowa, kuti makireti asamatsetsereke. Alamu, akulu awo a amuna anga, anati raba imasunga fungo, n'kutibweretsera chipulasitiki chakuda chonga beseni, chokwana kumbuyo konse mpaka m'mbali. Makaniko wathu anati zonsezo n'zachikale, chofunika ndi penti wokhuthala wopopera uja. Kenako anati pentiyo amafunanso raba pamwamba. Kenako anati zimatengera. Zimatengera chiyani, sananene.

Ine nkhani imeneyo ndinawasiyira amuna anga. Tsiku lina ndinangoona chipulasitiki chamangidwa ndi mabawuti, pamwamba pake pali kamphasa kopyapyala kamene anagula okha, ndiye ndinati basi, zatha. Manyowa akatsika ndinkatsuka ndi paipi mpaka pulasitikiyo kuwala.

Nditachoka kugolosale kuja ndinatsukanso, ndi sopo, ndi burashi, ndi mankhwala a kuchimbudzi omwe. Loweruka ndinawaletsa manyowa, amuna anga n'kukhala pakhonde tsiku lonse atagwira tsaya. Lamlungu ndinatsukanso. Dzuwa litaomba, fungo linachita kukula! Ndinanunkhiza kamphasa, kanalibe mlandu. Ndinanunkhiza pulasitiki, inkamveka sopo. Ndikaimirira, fungo lija ilo. Ndinafika ponunkhiza matayala, aneba akundiyang'ana pampanda.

Amuna anga anaimbira alamu. Alamu anati vuto ndi kamphasa ka pamwamba, tikachotse. Makaniko anati ayi, tikachotsa kamphasako pulasitiki itentha ndi dzuwa, ndipo pulasitiki yotentha imakoka fungo. Nditamufunsa kuti imalikoka kuchokera kuti, anati abwera adzaone. Sanabwere.

Lolemba m'mawa, buledi akuzizira pa tebulo, bambo anga anaimba pa foni ya amuna anga. Nkhani inali itawapeza kudzera kwa mayi anga.

"Mkamwini, si chipulasitiki chimenecho? Mphasa yanga ija bwanji osaigwiritsa ntchito?"

"Ayi bambo, timaigwiritsa ntchito," anatero amuna anga, ataimirira mwaulemu ngati bambowo akuwaona. "Tsiku lililonse imakhala m'galimoto. Ikutithandiza kwambiri."

Atadula foni ndinawayang'ana. Chimphasa chimenecho ndinali ndisanachione chiyambire nthawi ya mvula.

"Abambo, mwayamba kunamiza akuluakulu?"

"Sindinaname. Ili momwemo."

"Momwemo muti?"

"Pansi."

"Pansi pa chiyani?"

Anakanda kumutu. Anati pamwamba pa pulasitiki chimphasacho sichinkakwana, chinkapindika m'makona. Kuchisiya m'nyumba, apongozi akanabwera n'kuchipeza, akanati mphatso yawo yanyozedwa. Kuchotsa chipulasitiki, akulu awo akanatupa mtima. Ndiye anayala cha apongozi pansi penipeni, cha achimwene pamwamba pake, chawo pamwamba pa zonse, kuti aliyense akafunsa ayankhidwe zoona.

"Ndinkati zikhala zolimba katatu," anatero motsitsa mawu.

Sindinadziwe kuti ndikalipe kapena ndiseke. Ndinangotenga sipanala. Mabawuti atamasuka tinanyamula chipulasitiki chija, iwo uku ine uku, ndipo mbali yanga ndi imene inapendekeka. Madzi akuda bii, amatope, amene anali pansi pake, anandikhuthukira kuyambira pachifuwa mpaka m'nsapato. Fungo lake linathamangitsa galu wa aneba.

Apa m'pamene zinaoneka. Pansi pa pikapu pali timabowo totulutsira madzi, ndipo chimphasa cha bambo chinatitseka tonse. Madzi a manyowa ankalowa m'mphepete mwa pulasitiki n'kusowa potulukira. Ine ndikamatsuka ndi mtima wonse, ndimaonjezera msuzi. Titakoka chimphasacho, chitsulo cha pansi chinali chofiira ndi dzimbiri, pakona pena patabooka moti dothi linkaoneka.

"Ndiye tiyale chiti tsopano?" anafunsa amuna anga, nkhope ili yomvetsa chisoni.

"Musandifunse! Buledi!"

Nthawi inali itatha, golosale imalandira katundu isanatsegule. Ine buledi sindikanamukhudza mmene ndinalilimo. Amuna anga, amene matope anawalambalala, anasamba m'manja n'kulongedza makireti kutsogolo, pampando wanga, mpaka kudenga, n'kutseka mawindo. Ena otsala tinawasiya. Anati nditsale ndisambe, koma ndinakana, chifukwa mawu a mayi a pa golosale aja ndinkafuna ndiwamve ndi makutu anga. Ndinadzithira ndowa ya madzi ndi zovala zomwe, n'kukwera kumbuyo pa chitsulo chopanda choyala chilichonse. Njira yonse ndinkaona msewu ukuthamanga kudzera pabowo lija.

Pagolosale amuna anga analowetsa makireti, ine ndinaima pakhomo madzi akudontha m'diresi. Mayi aja anatenga buledi mmodzi, anamununkhiza, anamutembenuza, anamununkhizanso. Anatenga wina wa pansi pa kireti. Anakwinya mphuno. Koma anaika bulediyo pansi, n'kuyamba kununkhiza m'mwamba, uku ndi uku, mpaka maso awo anafika pa ine.

"Buledi ali bwino. Mawa mubweretse wochuluka," anatero. "Koma inuyo asisi, chonde, kaimeni panja."

Ndinakaima kuseri kwa pikapu, misozi ikutsika, ndikuseka ngati wamisala, anthu odutsa akundipatukira atagwira mphuno.