Kawailesi ka Mlonda

Magetsi atathima, chikepe chinaima pakati pa nsanjika yachitatu ndi yachiwiri. Munali anthu awiri: mtsikana wa sekondale, mwana wa mayi okolopa m'nyumbamo, ndi a Tcheyamani a komiti ya alendi, bambo amene ankamanga tayi ngakhale pokataya zinyalala.

Mtsikanayo ananyamula kontena ya chakudya cha achimwene ake, amene anali atagona m'chitokosi masiku atatu. Mlonda wa pageti anapezeka atafa m'kanyumba kake, atamenyedwa ndi chitsulo m'mutu. Komiti sinataye nthawi n'kufufuza. Achimwenewo anali ndi ndolo kukhutu, komanso moni ankapereka ndi nsidze. Umboni wina wanji?

"Usaope, mwanawe, uli ndi munthu wamkulu," anatero a Tcheyamani, thukuta lili kamukamu. "Mlongo wakoyo ine ndinamuwerenga kalekale. Mwamuna wa ndolo! Kupha munthu kawailesi kakuimba nyimbo zakutchalitchi, osachita n'komwe mantha."

Koma za kawailesizo a Tcheyamani anazidziwa bwanji? Wailesi pageti inali yoletsedwa, lamulo lake analemba ndi a Tcheyamani omwewo, choncho mlonda ankabisa kake kunsi kwa tebulo, kakulira monong'ona. Amayi a mtsikanayo ndiwo anayamba kuona mtembo. Anakazimitsa n'kukaponya m'ndowa yawo asanakuwe, kuti malemu asanyozedwe. Anauza mwana wawo wamkaziyo yekha basi.

Mtsikanayo anayang'ana zitseko. Zinali gwa. M'chikepemo munalibe poti n'kubwerera m'mbuyo ngakhale phazi limodzi. Analowetsa dzanja kunsi kwa kontena, pamene panali foni, nadina pojambulira mawu.

"Mwati bwanji, bambo? Khutu ili limandivuta."

Munthu wofunika sakana kubwereza. A Tcheyamani anakonza kukhosi n'kubwereza mokweza, nawonjezerapo kuti mlonda wake yemweyo anali wamwano, woona zosamukhudza, wowerenga amene alowa m'chipinda cha yani mwini wake akachoka. Kenaka anazindikira kuti ayankhula zambiri. Maso awo anatsikira pa kontena.

"Chikuwala kunsiko n'chiyani?"

"Ndi nthawi, bambo."

"Tione nthawiyo."

Pamwamba panamveka chitsulo chikukanda. Zitseko zinakanuka pang'ono, mpata wongokwana dzanja, ndipo panatulukira nkhope ya makaniko, yamafuta okhaokha.

"Muli moyo m'menemo? Pirirani, magetsi achedwa!"

A Tcheyamani anali atamugwira kale mtsikanayo mkono wakumanzere, mwaulemu ndithu, ngati akumuwolotsa msewu. Mtsikanayo anasiya kontena igwe. Anadumpha, naponya foni pampatapo ndi dzanja linalo.

"Amalume, thamangani nayo kupolisi! Muli mawu a amene anapha mlonda. Akatulutse achimwene anga!"

"Nanga iweyo?"

"Itanani anthu adzaime pamenepo, azitiyang'ana."

Makaniko anakuwa, mapazi anayamba kumveka pamasitepe. A Tcheyamani anamusiya mkono pang'onopang'ono, nakonza tayi. Anatsala awiriwiri, akuponda chakudya, nkhope zikuchuluka pampata paja.