Belu Likalira Kawiri

Esnat anali akupinda jekete la bambo ake pamene wailesi ya kwa aneba inayamba nyimbo ija. Anaima, jekete lili m'manja. Mawu anali a bambo ake ndithu, koma osalala ngati a munthu amene sanapalasepo njinga.

Bambo akewo, a Overtone, anali ataikidwa m'manda sabata yomweyo, Khrisimasi ili pafupi. Moyo wawo wonse ankagulitsa buledi wa bekale ya Nyenyezi ya ku Namadzi, bokosi lamatabwa lili kumbuyo kwa njinga, mudzi ndi mudzi. Esnat ali wakhanda, anthu a wailesi anawajambula mawu ali panjinga pomwepo, akuimba kuti buledi wa Khrisimasi wafika. Kuyambira pamenepo, nyimboyo ikamveka mu Disembala, anthu ankadziwa kuti nthawi yosaka mpunga ndi nkhuku yakwana.

Chaka chino bekaleyo inapanga ina. Inatenga mawu akale aja n'kuwapatsa kompyuta, zimene achinyamata amati AI, ndipo kompyutayo inaimba nyimbo yatsopano ndi mawu a Overtone, eni ake ali gone m'chipatala. Anthu anakwiya. Ankaimba foni ku wailesi, ankalalata pa Fesibuku, ndipo amayi ena a mumsika wa Namadzi analumbira kuti sadyanso buledi woimbiridwa ndi mzukwa.

Tsikuli linali logawa katundu wa malemu. Abale anakhala pansi pa mtengo wa mango, njinga itatsamira thunthu, ndipo amene ankatsogolera anali a Vitalis, mng'ono wa malemu. Asanayambe n'komwe, panafika Lawrence, mwana wa mwini bekale, amene tsopano ankayendetsa zonse. Anabwera ndi thumba la buledi. Atakana mpando n'kukhala pansi, anapepesa maliro, kenaka anapepesanso za nyimbo. Anati sankafuna kunyoza. Tepi yakale inali itatha, inkalira phokoso, ndipo iye, amene anakula ndi nyimboyo, ankaopa kuti ifa. Anapempha kuti banja linene pa wailesi kuti yatsopanoyo laivomera, anthu mitima ikhale pansi.

A Vitalis anapukusa mutu.

"Munthu tinamuika, tonse tinaponya dothi. Mawu ake azingoyendayenda m'misika ngati alibe abale? Zonse ziwiri zileke."

Esnat yatsopanoyo sankaifuna, koma yakale ija ndi malo okhawo amene mawu a bambo ake anatsalira. Pakhomopo panalibe amene anawajambulapo pafoni, chifukwa iwo ankathawa akaona foni yawaloza. Anayang'ana mayi ake, a Falesi, amene anakhala pamphasa, mpango wakuda kumutu.

"Mwanawe," anatero a Falesi kwa Lawrence, "zonse zili m'foni mwakomo? Tatiyikira, timve ndi alamu angawa."

Lawrence anayamba ndi yatsopano. A Falesi anamvetsera mpaka kumapeto, mutu atapendeketsa.

"Awa akuimba bwino kuposa amuna anga," anatero. "Koma mpweya akukoka nthawi yanji? Njira yawo ilibe zitunda?"

Amayi ena anaseka chobisa m'zitenje. Kenaka inabwera yakale. Munamveka phokoso la tepi, tcheni chikulira, belu kamodzi, ndiyeno mawu a Overtone akuimba mopuma wefuwefu, akudukiza pakati kuti aseke. Nyimbo itatha, belu linalira kawiri.

Mitu yonse inatembenukira kumsewu. Halidi, kalipentala wandevu amene anakhoma bokosi la maliro, anali atadzuka kale theka asanazindikire, ndipo anakhalanso pansi akudzikanda m'mutu mwamanyazi. Anthu anaseka, ena akupukuta misozi.

Lawrence anafunsa chimene chachitika. Iye belulo analichotsa m'nyimbo yatsopano ija poganiza kuti ndi phokoso chabe. Esnat ndiye anamuyankha. Anati belu likalira kamodzi linali la ogula. Likalira kawiri linali la ana: ndiye kuti pansi pa bokosi papezeka buledi wophwanyika, wosagulitsika, ndipo bambo ake amunyemanyema kugawira aliyense amene wathamanga. Theka la anthu okhala pansi pa mangowo anakula akuthamangira belu limenelo.

Lawrence anati bambo ake ankadandaula chaka ndi chaka kuti bokosi la a Overtone lili ndi vuto, mpaka analisintha, koma buledi sanasiye kuphwanyika.

A Vitalis anatsokomola, napukuta maso ndi chala chachikulu.

"Ya kompyutayo ichoke lero lomwe," anatero. "Ya achimwene anga ikhale, ndi phokoso lake lomwelo. Musaichape."

Lawrence anavomera ndi manja awiri. Mtima wa Esnat unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro.

Katundu anagawidwa bwinobwino, popanda wokweza mawu. Jekete linapita kwa msuweni wa ku Mauwa, khasu kwa mdzukulu, njinga kwa a Vitalis. Iwo asanaikankhe, a Falesi anawapempha kuti adikire. Anatulutsa buledi mmodzi m'thumba la Lawrence, wabwinobwino, wofewa. Anamuika pachishalo, n'kumutsindira ndi chigongono mpaka anaphwatalala pakati.

Esnat anatsegula pakamwa.

"Iwe unkayesa ankaphwanyika yekha?" anatero mayi ake, akumupatsa bulediyo. "Liza."

Esnat analiza belu kawiri. Kuseri kwa nyumba, m'kanjira ka m'chimanga, kunamveka mapazi a ana akuthamanga.