Loko wa Papepala la Hilário

Mwina vuto linali pensulo, kapena dzanja lake, anadziuza choncho Hilário, maso ali papepala lomwe analiyala patebulo la ku postu, ofesi ya boma ya ku Chipera — chifukwa loko amene anajambulapo ndi loko basi, ngakhale mwana amamudziwa, nanga bwanji alembi asanu ndi awiri, mmodzimmodzi, anangopukusa mutu? Pepalalo linali pulani ya pulogalamu ya pakompyuta yosunga mayina a eni minda amene anabwerera kuchokera ku Zambia, ndipo tizithunzi tosonyeza potetezeka ndi poopsa anatisankha yekha, atakangana ndi shefi, bwana wake wa ku Tete, amene ankafuna mawu okhaokha. Anapangana kuti akapanda kupezeka mlembi ngakhale mmodzi wotimvetsa, tizithunzito titayidwa, iye abwerera kokonza mapulinta.

Mwa alembi onse anatsala dona Palmira okha, ndipo ankawaopa. Iwo ankamudziwa kuyambira kumsasa wa othawa nkhondo, akuyenda wopanda kabudula, ndiye mwina anali atauza kale anzawo kuti kamnyamata ka magalasika kasawazunguze — ayi, kuganiza kotere n'kwa munthu wolephera — komabe n'chifukwa chiyani mlembi wachitatu uja anaseka asanaone n'komwe pepala, kapena ankaseka nsapato?

Dona Palmira anavala magalasi awo mosafulumira, n'kuika chala pa loko.

“Apa pali kadeyadu, ndiye kuti eni ake anathawa. Aliyense angalowe.”

Anamufotokozera modekha, ngati akuphunzitsa mwana kusenda chinangwa, kuti pobwerera nyumba zonse za maloko anazipeza zothyoledwa, kuti nyumba yotetezeka ndi ya chitseko chotsegula, munthu ali pakhonde. Hilário anafuna kutsutsa, kunena kuti dziko lonse limajambula choncho, koma anakumbukira bambo ake, amene anavala kiyi m'khosi zaka zisanu ndi zitatu, n'kudzapeza nyumba ilibe ndi chitseko chomwe. Manyazi anamugwira, ndipo anakwiya nawo bambo akewo pomutulukira nthawi yolakwika chonchi.

Chala chija chinasuntha, n'kukaima pa kamunthu koimira wakuba, komwe anakajambula kunja kwa mzere wa mpanda.

“Koma uyu ndamumva, mwanawe. Ndiwe, eti?”

Cholembera chinali m'manja, bokosi la “wamvetsa” pa fomu ya zotsatira lili poyera, ndipo akanatha kungochonga, ndani akanadziwa — koma anayang'anitsitsa kamunthuko, kowonda, kopendekera kutsogolo, kakusuzumira m'minda ya eni ake, ndipo chikwama chomwe kananyamula chinali cha iye mwini ndithu.