Dzina la Atelala

"Adadi, dzina mukalitumiza, limabweranso?"

Anafunsa ndi mwana wamkazi wa a Kalaliki, tsiku lina atamutengera ku ofesi chifukwa amayi ake anali ku sikelo ndi khanda. Anali atatsamiritsa chibwano pa desiki, akuonerera zala za bambo ake pa kompyuta. A Kalaliki anaseka, nati dzina si mbale yobwereka. Kenaka anadina potumizira.

Imelo imene ankatumizayo inachokera kwa msuweni wawo. Inkanena za msewu wodutsa pa sukulu ya pulaimale ya m'dera lawo, pamene galimoto zinkathamanga ngati kulibe anthu, mpaka mwana wina anathyoledwa mwendo. Inkapempha khonsolo kuti iikepo mahampu ochepetsa liwiro la galimoto. Pansi pake panali mayina ondondozana, ndi malangizo akuti lembani dzina lanu ndi dera limene mumakhala, tumizani kwa onse amene mumawadziwa, mayina akachuluka womaliza apereke ku khonsolo.

A Kalaliki sanali munthu wopupuluma. Anaiwerenga kawiri. Mwana wothyoka mwendoyo ankamudziwa, ankamuona akudutsa ndi ndodo. Analemba dzina lawo ndi la akazi awo, kenaka anaganiza za anzawo a pa mdadada: nyumba zogundana makoma, mpopi umodzi, chingwe choyanikapo chimodzi. Pamenepo mvula ikayamba, amene ali pafupi amaanula zovala za onse osafunsa mwini wake. Kwa iwo kulembera anzawo mayina kunali ngati kuanula zovala. Ndani akanakana nkhani ya ana? Analemba a Dalaivala, a Nesi, ndi Atelala, onse ndi mayina awo enieni.

Dzina lenileni la Atelala ankalidziwa a Kalaliki okha, chifukwa nsalu zimene mayiyo ankaitanitsa zinkafikira ku ofesi kwawo. Ena onse, ana omwe, ankangoti Atelala. Anafika pa mdadadapo ndi makina osokera, matilesi ndi kamtsikana kamodzi. Za kumene anachokera sankanena, ndipo anthu anatopa n'kufunsa. Khoma la pakati pa nyumba yawo ndi ya a Kalaliki linali lopyapyala moti makina akayamba kulira m'mawa, akazi a a Kalaliki ankati, "Abambo dzukani, wotchi yathu yalira."

Mvula itatha, anthu a khonsolo anabwera ndi phula n'kuika mahampu. Kaya inali imelo ija, kaya anali aphunzitsi aakulu amene ankapita okha ku khonsolo kukadandaula, palibe akudziwa. A Dalaivala ankati akakumana ndi a Kalaliki pa mpopi, "Inu, munandilembera dzina kuti mundithyolere masipuling'i a minibasi?" Koma ankanena akuseka. Mwana wawo nayenso ankaolokera pomwepo.

Masana ena ku ofesi kunafika munthu wa jekete, nsapato zonyezimira, pepala lopinda m'manja.

"Pepani bwana, dzina ili ndi lanu?"

Inali imelo ija, yosindikizidwa. Inali itatalika masamba angapo. Maadilesi a anthu onse amene inadutsamo anali pamwamba, ndipo pakati panali dzina la a Kalaliki, la kampani yawo ndi nambala ya foni ya ofesi, zimene kompyuta imaika yokha pansi pa kalata iliyonse.

"Inafika kwa mnzanga wa kuntchito, tauni ina ndithu. Akuti, kodi awa si alamu?" Munthuyo anaika chala pa dzina la Atelala. "Ndi mayi a kunyumba awa. Tinangosemphana pang'ono, za m'banja mukuzidziwa. Mwana ndamusowa kwambiri."

A Kalaliki anamuyang'ana. Choipa sanachione, ankayankhula mofatsa, mwaulemu. Koma mumtima anadzifunsa chifukwa chimene mwamuna angafunsire njira ya kwa mkazi wake mu ofesi ya munthu wachilendo.

"Za kunyumba kwa anthu sindinena ndili pa ntchito," anatero. "Ngati muli ndi uthenga, siyani."

"Musavutike bwana. Dera ndaliona papepalapa. Matelala achikazi sangachuluke kwambiri." Anapinda pepalalo bwinobwino, nathokoza, natuluka.

A Kalaliki anapempha kuweruka msanga. Anapeza Atelala pa khonde, mapini ali pakamwa, akusoka yunifolomu ya sukulu.

"Lero mwathamangitsidwa, achimwene?"

"Ayi. Ndili ndi mawu."

Anafotokoza zonse, kuyambira pa imelo mpaka pa jekete. Phazi la Atelala linaima pa chopondera. Analavulira mapini m'dzanja.

"Dzina langa anakupatsani ndani?"

"Linali pa mapaketi a nsalu."

"Pa mapaketi linalembedwa kuti aone a positi, osati dziko lonse." Anakweza mkono wamanzere, umene sunkawongoka bwino pa chigongono. "Uwu mumati ndinagwa pa njinga. Ndinakuuzani choncho ndine. Njinga yake ndi imeneyo yavala jeketeyo."

A Kalaliki anakhala pansi pa sitepe. Atelala anatenga sikuludalaiva m'kabokosi ka ulusi, nayamba kumasula mutu wa makina pa thebulo lake. Manja awo ankaidziwa ntchitoyo, zinkaoneka kuti sikanali koyamba.

Akazi a a Kalaliki anatuluka ndi khanda kumsana. Anali atamva zonse, khomalo silisunga chinsinsi.

"Abambo, kompyuta yanuyo yakuuzani kuti mulembe ndi a neba omwe? Bwanji osalemba ndi nkhuku zathu?"

"Ndimati ndikuthandiza ana."

"Mahampuwo ndi abwino," anatero Atelala, maso ali pa sikulu. "Wanganso amaolokera pomwepo, ndipo masiku ano sindimuperekezanso. Mukanandifunsa, sindikanakana. Ndikanati lembani kuti Atelala, basi. Kapena ndikanapita ndekha ku khonsolo kukasaina pepala lokhala mu kabati, losayenda."

"Ndiwalembera onse amene ndinawatumizira kuti afufute," anatero a Kalaliki.

"Nanga amene iwowo anawatumizira?"

A Kalaliki anatembenukira kwa ana. Pabwalo ana awiri, wawo ndi wa Atelala, ankalumpha chingwe atavala yunifolomu zosokedwa pa makina omwewo. Anakumbukira funso lija la mwana wawo ku ofesi ndi mmene anasekera.

"Mupita kuti, asisi?" anafunsa akazi awo.

"Kulikonse."

"Kulikonseko mukakhala nokha. Mukayambanso kufuna makasitomala, mwana akayambanso sukulu ina. Nanga akakakupezaninso? Kuno tikukudziwani. A Nesi amadziwa ofesi ya ku polisi imene imaona nkhani zotere, amatumizako amayi kawirikawiri."

"Ndinapitako kale, kumene ndinali. Anati mboni ili kuti."

"Pepala ndaliona ine," anatero a Kalaliki. "Mawu ake ndawamva ine. Ndikanena ndi pakamwa panga, ndi kusaina dzina langa lenileni. Limeneli ndiye ndili nalo ufulu wolipereka."

Atelala anawayang'ana. Sikulu imodzi inali itatuluka, ili m'dzanja. Anayang'ana mulu wa mayunifolomu osamaliza, uliwonse uli ndi kapepala ka muyeso wa mwana wake, kenaka anayang'ana kumsewu, kumene minibasi ina inkakwera hampu mwaulesi ngati nkhalamba ikukwera sitepe.

"Ku polisi n'kwa mawa," anatero. "Nanga akabwera lero?"

"Mwana agone kwathu," anatero akazi a a Kalaliki. "A Dalaivala tiwauza, koma mukavomera inu. Lero palibe kunenera munthu."

"Auzeni. Koma dzina ayi."

"Dzina ayi."

A Kalaliki anaimirira, nagogoda khoma ndi chala. Linalira ngati katoni.

"Khoma ili timalinena tsiku lililonse kuti silibisa kanthu. Mukamva munthu pakhomo, musatsegule, musafuule. Gogodani apa. Kaya ndili m'tulo, kaya ndili m'bafa ndi sopo kumaso, ndituluka."

"Ndi sopo kumaso musatuluke, mungamuthawitse tisanamugwire," anatero akazi awo. Atelala anaseka pang'ono, kaseko kotopa.

Anabwezera sikulu ija m'malo mwake, naimanga. Anakoka yunifolomu ija, naiika pansi pa singano, koma sanaponde.

"Achimwene, mukunena zoona? Mutuluka?"

"Ndituluka. Ndipo dzina lanu sindidzalilembanso paliponse musanandiuze nokha."

"Chabwino. Inenso ndikulonjezeni changa. Mukadzaona makinawa akhala chete m'mawa, musadzati ndathawa. Sindichoka pa mdadada pano osagogoda kaye."