Ng'ombe Zisanu za Alamu Anga a Matthews

Alamu anga a Matthews Thole anakhala ndi ng'ombe zanga zinayi zaka khumi ndi chimodzi osatumiza ngakhale imodzi. Ndikulemba izi kuti amene amati Elube Naphiri ndi mkazi waphokoso adziwe kumene phokosolo linachokera.

Amuna anga a Wallace, amene ndi mng'ono wawo wa a Matthews, anandipeza kwathu ku Kasungu ali pa ulendo wopita ku migodi. Anatupa mwendo n'kugona pamudzi pathu mwezi wathunthu. Mwendo unapola koma munthu osanyamuka. Analimira amayi dzinja limodzi monga amachitira mkamwini, kenako anapempha kuti anditenge tipite ku mgodi wa Broken Hill, ku Rhodesia. Amalume anakana. Apo a Wallace anati, "Kwathu ku Mzimba mkazi sitimutenga chabe. Akulu anga adzatumiza ng'ombe zinayi." Amalume chuma chawo chonse chinali mbuzi ziwiri ndi nkhunda, ndiye atangomva za ng'ombe anavomera pomwepo.

Ng'ombezo sizinabwere. Kukomboni ya mgodi ine ndimagulitsa nsomba zouma, ndipo palibe amene anandiponderezapo pa malonda. Koma pachitsime akazi a Angoni ankandinyaditsa. Wina akuti ine zanga zinali zisanu ndi imodzi, wina akuti ine zisanu ndi zitatu, n'kutembenukira kwa ine, "Nanga inu a Naphiri?" Ine ndinkati zili m'njira. Chaka chilichonse ndinkawakhazika pansi a Wallace kuti alembe kalata yokumbutsa, chifukwa ine sukulu ndinalekezera pomwe munthu amayamba kulumikiza mawu. Yankho silinabwerepo.

Chaka chimene mwana wathu Towera anakwanitsa zaka khumi, a Wallace anapatsidwa tchuthi cha miyezi itatu m'chilimwe. Towera ndi yekhayo amene ndili naye, awiri ndinaika m'manda kumgodi komweko. Anabadwira kukomboni, amayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chibemba, ndipo kwawo kwa bambo ake ankangokumva m'nkhani. A Wallace anati tipite mwana akaone abale. Ine mumtima ndinati tipite ndikaone ng'ombe.

Tinayenda masabata atatu ndi masiku. Luangwa tinaoloka madzi akulekeza m'mawondo. A Wallace anali ndi njinga, koma anaisenzetsa mabulangeti, sopo, mchere ndi chipewa cha akulu awo, moti ulendo wonse ankangoikankha ngati ndiyo ikudwala.

Mudzi wawo uli kufupi ndi ku Manyamula. Anthu anatichingamira ndi nthungululu, uku "Monile, monile!" Ine anangonditcha NyaPhiri tsiku lomwelo. Chitumbuka ndimamva, koma kuyankha ndimayankha m'chathu, ndipo iwonso ankapotoza lilime kuti andipeze. Panatulukira mayi wamtali wovala duku loyera, a Selina, mlongo wawo wamkulu wa a Wallace, amene Towera amayenera kuwatchula kuti ankhazi. Anamugwira mwanayo chibwano n'kumutembenuzira uku ndi uku ngati akusankha dzungu.

"Mphuno iyi ndi ya kwathu," anatero.

"Miyendo ndi yanga," ndinayankha. "Ya kwanu imatupa panjira."

Anthu anaseka, a Selina nawonso anaseka, ine n'kuti tayamba bwino.

A Wallace anandipempha kuti ndidikire sabata ndisanatchule kanthu. Ndinadikira masiku atatu. Tsiku lachinayi m'mawa ndinapita pakhomo la khola la ng'ombe, limene kumeneko amati chibaya, pomwe amuna amakhala okhaokha. Ndinawapeza a Matthews atakhala pa chitsa, chipewa chatsopano chili kumutu, akuyang'ana ng'ombe zawo monga mmene ena amayang'anira ana awo. Iliyonse anaipatsa dzina.

Ndinagwada patali pang'ono. "Alamu, chipewa chakukhalani."

"Yewo, mulamu, yewo chomene," anathokoza m'Chitumbuka.

"Nanga zanga?"

A Wallace anayamba kutsokomola. A Matthews anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, kenako anayang'ana mng'ono wawo.

"Wallace, mkazi wako wamufotokozera bwino?"

"Anandifotokozera kalekale," ndinadula ine. "Anati zinayi."

"Ndipo inu mukuzifunadi?"

"Alamu, ndayenda masabata atatu. Mukuganiza ndabwera kudzaona mapiri?"

"Mbwenu, chabwino," anatero a Matthews, n'kupuma mozama. "Mawa m'mawa."

Pamsika munthu akavomera msanga chonchi ndimanunkhiza nsombayo kawiri. Tsiku limenelo sindinanunkhize.

M'mawa mwake anazitulutsa imodziimodzi, chifukwa mkazi wokwatiwa pamudzipo salowa m'chibaya. Yoyamba inali bwino. Yachiwiri ndinaikanula pakamwa, mano atha.

"Iyi inabadwa limodzi ndi agogo anu, alamu. Ikafera panjira, pa Jenda pomwepa. Ndikufuna yofiira ili apoyo."

"Maluwa? Ayi, mulamu, Maluwa ayi."

"Maluwa yemweyo."

Zitakwana zinayi ndinati sitinathe. Ng'ombe zikhale zaka khumi ndi chimodzi osaswa? Ndinati awonjezere yachisanu, ndipo ndawakhululukira zambiri. A Matthews anagwira pakamwa. Apo a Selina anafuula ali kuseri kwa mpanda, "Matthews, mupatseni! Zisanu, ngakhale zisanu ndi imodzi, mupatseni!" Ine ndinati pamudzi pano ndapeza mnzanga. Akuluakulu anaomba m'manja, anagwirizana kuti Loweruka amuna awiri azikusa ng'ombezo kupita kwa amalume ku Kasungu.

A Wallace anandikoka nsalu. "Amake Towera, tiyeni tikambirane kaye."

"Munali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokambirana. Tandisiyani."

Lachinayi lotsatira, kutatsala masiku awiri, a Selina anati tipite ku Boma akagulitse mawere. Tinalawirira atatu, ine, iwo ndi Towera. Mzimba ndiye ndinkamumva ngati mzinda, koma ndinapeza nyumba za boma zingapo, mbendera, amesenjala atavala zofiira kumutu, ndi masitolo oti munthu angawawerenge ndi dzanja limodzi. Towera anafunsa kuti tauniyo iyambira pati. Ndinamutsina.

Mawere atatha tinalowa m'sitolo ya Mmwenye wina. A Selina anasankha nsalu yabuluu n'kuyamba kuiyeza pa Towera. Mmwenye anatchula mtengo, a Selina n'kuyamba kumasula mfundo ya mpango.

"Mangani mpangowo," ndinatero. "Bwana, nsalu iyi yadyedwa ndi dzuwa m'mphepetemu. Kumgodi yotereyi amapukutira nyale."

Tinakanganapo mpaka anatsitsa, n'kuwonjezerapo singano ziwiri kuti ndichoke. A Selina anandiyang'ana mwaulemu. Kenako anagula sileti. Kenako mbale yachitsulo ndi supuni. Kenako analoza bulangeti.

"Bulangeti tabwera nawo ambiri, alamu. Ndiponso kukutentha chonchi?"

"Kuno mwezi wa Juni kumazizira chomene."

"Juni tidzakhala titapita kalekale."

"Inu mudzakhala mutapita," anatero a Selina, akupinda bulangetilo.

Ndinawafunsa kuti abwerezenso. Sanabise kanthu, chifukwa kwa iwo panalibe chobisa. Anati ng'ombe zikatuluka m'chibaya cha a Thole kupita kwa akuchikazi, ana amalowa m'nyumba ya a Thole. Ndiyo ntchito ya ng'ombezo. Towera azigona kwa iwo mpaka mvula itayamba, kenako akamupereka ku sukulu ya atsikana ku mishoni ya Loudon. Ndikadzaberekanso, mwanayo akangosiya kuyamwa, nayenso abwera.

"Tinkadabwa kuti mwakhala chete zaka zonsezi," anatero. "Tinkati Achewa amakakamira ana. Koma inu mwabwera nokha, mpaka kuwonjezera yachisanu. Mwatilemekeza, mulamu."

Kwathu mwana ndi wa mayi ake ndi amalume ake. Mwamuna akachoka amanyamula khasu lake ndi mphasa, basi. Ine ndinkadziwa kuti ng'ombe zimapita kwa mkazi, koma sindinafunsepo kuti zikapita pamabwerera chiyani. Akazi aja pachitsime ankangotchula nambala.

Towera anali atakumbatira sileti. "Amayi, ine nditsala?"

"Nyamula dengu. Tiye."

Pobwerera ndinayenda moti a Selina, ndi miyendo yawo yaitaliyo, ankachita kuthamanga. Ndinawapeza a Wallace kuseri kwa nkhokwe akupopa njinga.

"Munkadziwa?"

"Ndinayesa kukuuzani."

"Liti?"

"Dzana, pachibaya. Munati ndikusiyeni."

"Nanga zaka zonsezi? Makalata aja?"

Anaika pampu pansi. "Sindinatumize ndi imodzi yomwe. Ndinkayatsira fodya. Ndinkati akulu amakonda ng'ombe zawo, akapanda kukumbutsidwa sadzapereka, ife tizikhala ndi mwana wathu. Pobwera kuno ndinkati adzakukanizani. Sindinadziwe kuti achemwali awakhalira pakhosi."

Ndinafuna kuwamenya ndi pampuyo, koma ndinaona kuti mwa anthu awiri opusa amene anali kuseri kwa nkhokweyo, wamkulu sanali iwo.

Lachisanu m'mawa ndinabwereranso pakhomo la chibaya. Ng'ombe zisanu zija anali atazipatula kale, zili pakona. A Matthews anali ataima pafupi ndi Maluwa akumukanda pakhosi.

"Alamu, ng'ombe zija sindikuzifuna."

Amuna onse anatembenuka. A Selina anamva ali pamtondo, anabwera ndi musi m'manja.

"Mulamu," anatero a Matthews, "si zanu kuti muzikane. Akuluakulu anaomba m'manja. Zikupita kwa amalume anu, iwo ndiwo angakane."

"Amalume akane ng'ombe? Sangakane. Tumizani, alamu, tumizani ndithu. Koma ndikuuzeni zimene zikachitike, chifukwa amalume angawo ndimawadziwa ine. Khola alibe. Akazimangirira pamtengo kuseri kwa nyumba. Kwathu kuli kashembe, ntchentche zoluma zija, ng'ombe siikhala miyezi iwiri. Ndiye iwo sangadikire kuti ntchentche ziwadyere. Tsiku lofika lomwelo adzasankha yonona kwambiri." Ndinayang'ana Maluwa. A Matthews anasiya kukanda. "Adzaitana mudzi wonse. Ikatha imeneyo, ina. Pofika Khirisimasi kudzatsala nyanga zokha."

"Akadya ndiye kuti alandira," anatero a Selina. "Mwana ndi wathu."

"Mudzapite mukawauze. Adzakuyalirani chikopa cha Maluwa yemweyu kuti mukhalepo, adzathokoza kwambiri chifukwa cha ndiwo, kenako adzakufunsani kuti mwana wa mbumba yawo mukumuitanitsa ngati ndani. Mlandu wake mukaimbira kwa Achewa okhaokha. Ine mawa lomweli ndinyamuka ndi Towera kutsogolo kwa ng'ombezo, tikafika limodzi."

"Matthews, musamumvere, akukuopsezani!" anatero a Selina. Kenako anatembenukira kwa ine. "Kumgodi mwanayu akaphunzira chiyani? Kuthamangitsa ntchentche pa nsomba?"

"Nsomba zomwezo ndizo zinagula chipewa chili pamutu apocho. Sukulu ya mishoni kumenekonso iliko, ndikamulowetsa. Mukafuna kumuona, njira mukuidziwa, ndi masabata atatu okha."

A Matthews anayang'ana mng'ono wawo. "Iwe Wallace, ukuti bwanji? Mwana ndi wako."

A Wallace anayang'ana akulu awo. "Akulu, ine kumene kugone mwana ndi mayi ake ndi kumene ndigone."

"Wadyetsedwa uyu," anatero a Selina.

"Nsomba," anayankha mkulu wina wa imvi amene anali asanayankhulepo, amuna onse n'kuphulika kuseka.

A Matthews sanaseke. Anayenda mozungulira ng'ombe zisanu zija, akuzitchula maina motsitsa mawu. Atamaliza anachotsa mitengo yotsekera n'kuzikusira kwa zinzake, zonse zinatuluka limodzi kupita kudambo. Anavala chipewa.

"Akakana mwini wake, ife tikakamiza bwanji?" anatero. Nkhope anaikwinya chifukwa cha mlongo wawo, koma ine ndimadziwa munthu amene malonda amuyendera.

Tinakhalanso masabata atatu. A Selina sanandiyankhule masiku anayi, tsiku lachisanu anandiitana kuti ndikawatsitsire mtengo wa khasu kwa wosula wina wouma mutu. Nsalu yabuluu anaisoka okha ndi manja, Towera anaivala kutchalitchi. Mwanayo anaphunzira nyimbo ziwiri za Chitumbuka ndi kumwa mkaka wowawasa osakwinya nkhope, ndipo masana onse ankakhala kwa ankhazi akewo. Madzulo ndinkakamutenga ndekha.

Tsiku lonyamuka anatiperekeza mpaka kumtsinje. Njinga inasenzanso, tsopano nyemba, ufa wa mawere ndi nkhuku ziwiri. A Selina anamugwira Towera chibwano nthawi yaitali. A Matthews anandiyandikira, chipewa chili m'manja.

"Mulamu, mwayenda ulendo wautali, musabwerere chimanjamanja. Kali apo kamwana ka ng'ombe kakakazi. Kamodzi kokha, mphatso chabe, kopanda nkhani."

Ndinayang'ana a Selina. Anali akumvetsera ndi makutu onse awiri.

"Ayi, alamu," ndinatero. "Sungani. Towera, dutsa kutsogolo."